Prime95 ikuumitsa kompyuta ikafika pa stage 2: ndiipatse memory yochuluka bwanji?

Funsoli lachokera kwa aphunzitsi a masamu a ku Chitakale, ku Mulanje. Akuti: "Ndinalowa nawo GIMPS, gulu la anthu odzipereka ofufuza manambala a prime akuluakulu. Kompyuta yanga ndi ya patebulo, ili ndi ma core anayi, RAM ya 8 GB ndi Windows. Ndinasankha ntchito ya P-1, ma worker anayi, kutanthauza manambala anayi ogwiridwa nthawi imodzi. Nditamva kuti memory ikachuluka ntchito imayenda bwino, ndinafufuta 0.3 GB n'kulembapo 7 GB. Panopa ndikati nditayipe mayeso kompyuta imangouma, kagetsi ka disiki kali psuu osazima, ndipo mawindo ena amalemba kuti 'Other workers are using lots of memory now'. Kodi zotsatira zanga zaonongeka? Ndigule RAM ina?"

Aphunzitsi, mtima m'malo, zotsatira zanu sizinaonongeke. Kompyuta ikapanikizika memory imachedwa, koma silakwitsa samu. Ulendo wa ku Limbe wokagula RAM nawonso uyambe wadikira. Vuto lili pa 7 uja. Nambala imene mumalemba m'kabokosi ka memory, Prime95, pulogalamu ya GIMPS imene mukugwiritsa ntchitoyo, imaitenga ngati lonjezo: mwaiuza kuti 7 GB ilipo yongokhala, ndipo iyo yakukhulupirirani.

Tiyambe ndi chimene pulogalamuyi imachita nayo memory, chifukwa ambiri amene amandifunsa amaganiza kuti ntchito yonse ya GIMPS imadya RAM. Ayi. Chiyambireni George Woltman anakhazikitsa ntchitoyi mu 1996, cholinga ndi chimodzi: kuyesa manambala a Mersenne, aja a 2^p − 1, ngati ali a prime. Kuyesa kwenikweniko, kumene kale kunali kwa Lucas-Lehmer ndipo masiku ano ndi kwa PRP (probable prime), kumatenga masabata pa kompyuta ngati yanuyo, koma memory kumangofuna ma MB mazana ochepa. Trial factoring, yongoyesa kugawa nambalayo ndi manambala ang'onoang'ono, ndiye sifuna n'komwe. Imene ili ndi mimba yaikulu ndi P-1, njira yosakira factor (nambala yogawa inzake popanda chotsala), pamodzi ndi abale ake P+1 ndi ECM, ndiponso si nthawi zonse. Ndi pa stage 2 pokha.

Inu ndinu a masamu, ndiye sindikubisirani chifukwa chake. Nambala iliyonse ya prime imene imagawa 2^p − 1 imakhala ya mtundu wa 2kp + 1, p akakhala prime wopitirira 2 (k ndi nambala ina yathunthu). Tengani 2^29 − 1, amene ndi 536,870,911. Iyeyu ndi 233 × 1103 × 2089. Chotsani 1 pa iliyonse muone: 232 ndi 8 × 29, 2088 ndi 8 × 9 × 29, pamene 1102 ndi 2 × 19 × 29. Njira ya P-1, imene John Pollard anaitulutsa mu 1974, imagwira factor ngati "kuchotsa 1" kwakeko kwapangidwa ndi timanambala tating'ono tokhatokha. Stage 1 imaika malire otchedwa B1. B1 akhala 10, ndiye kuti 233 ndi 2089 agwidwa, poti 8 ndi 9 sanadutse 10, ndipo 29 uja pulogalamu imamudziwa kale. Koma 1103 wapulumuka chifukwa cha 19. Stage 2 ndi yosaka opulumuka oterewa: imalola prime mmodzi yekha kupitirira B1, bola asadutse malire achiwiri, B2. B2 akhala 20, 1103 naye wakodwa. Chitsanzochi mukhoza kuchilemba pa bolodi, ana a Fomu 4 achitsata bwinobwino.

Tsono kuti iyese ma prime onse a pakati pa B1 ndi B2 mwachangu, stage 2 imayamba yakonza manambala ambiri n'kuwasunga pafupi kuti izingowatola. Apa m'pamene pagona nkhani. Tiyerekeze kuti mwapatsidwa p wa cha m'ma 130 miliyoni. Kuti ichulukitse nambala yaikulu chotero, Prime95 imaiduladula m'zidutswa pafupifupi 7 miliyoni, chilichonse cha ma byte 8. Ndiye kuti nambala imodzi yokha ikudya 56 MB kapena kuposerapo pang'ono. Mu 0.3 GB imene pulogalamu imabwera nayo mumalowa manambala asanu okha. Mu 3 GB mumalowa pafupifupi 50. Zili ngati kuyanika mphale: mphasa ikakula mumayanika yambiri pakamodzi, ikachepa mumayanika pang'onopang'ono mpaka dzuwa kulowa. Pulogalamu imayang'ana kukula kwa mphasa imene mwailonjeza, n'kusankha B2 woyenerana nayo. Mphasa yaing'ono, B2 wamng'ono, mwayi wopeza factor nawo utsika. Ndipo kuyambira pa version 30.8 stage 2 inalembedwanso mwa njira ina, ya ma polynomial, imene imapindula kwambiri memory ikachuluka. Ndiye amene anakuuzani uja sananame. Anangoiwala kunena kuti memory yake ikhale yoti ilipodi.

Pa kompyuta ya 8 GB, 7 GB yongokhala kulibe. Windows payokha, musanatsegule kalikonse, imakhala itatenga kale ma GB awiri kapena atatu. Ngati kompyutayo ilibe khadi la zithunzi lapadera, mbali ina ya RAM imapitanso kumeneko. Onjezani Word, onjezani Chrome ndi masamba ake khumi amene aphunzitsi ambiri satseka. Prime95 ikafika pa stage 2 n'kutenga 7 GB yake, Windows siikaniza. Imangoyamba kusamutsira zinthu ku disiki, mu fayilo yotchedwa pagefile, ndipo chimene chasamutsidwacho chikafunika, imachibweza n'kusamutsa china. Disiki, makamaka yakale ija yozungulira, imachedwa kutalitali poyerekeza ndi RAM. Kagetsi kosazima kaja ndi kameneko: kompyuta ikungotuta katundu kupita ku nkhokwe n'kubwera naye, ntchito yeniyeni itaima. Choseketsa n'chakuti stage 2 yanuyo pa 7 GB ikuyenda mochedwa kuposa mmene ikanayendera pa 2 GB. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Nambala yoyenera musaifunse kwa ine kapena kwa wina aliyense pa intaneti, ifunseni kwa kompyuta yanu. Imitsani Prime95. Tsegulani zonse zimene mumagwiritsa ntchito pa tsiku lotanganidwa, monga sabata yolemba malipoti a ana. Kenaka tsegulani Task Manager, pitani pa Performance, pa Memory, muwerenge pamene alemba kuti Available. Pa nambala imeneyo chotsanipo 1 GB yosiyira Windows popumira. Yotsalayo ndiyo ya masana. Tsekani zonse, dikirani mphindi zingapo, muwerengenso, muchotsenso 1 GB: imeneyo ndi ya usiku. Pa makompyuta a 8 GB amene ndawagwirapo, masana imatuluka cha m'ma 2 GB, usiku 4 GB kapena 4.5 GB. Yanu ikhoza kusiyana pang'ono, tsatirani yanuyo.

Prime95 ili ndi timabokosi tiwiri ta zimenezi pa Options, Resource Limits, kena ka masana kena ka usiku, ndipo nthawi zake mukhoza kusintha. Imabwera itaika kuti masana amayamba 7:30 m'mawa kulekeza 23:30 usiku. Amenewo ndi masana a anthu ena. Mphunzitsi wa kwathu kuno 5 koloko amakhala atadzuka kale, 9 koloko usiku ali m'bulangete. Ikani nthawi zanu. Mukafuna kulemba nokha mu fayilo, mzere wake ndi wotere, ndipo manambala ake ndi a ma MB:

Memory=2048 during 5:30-21:30 else 4608

M'ma version akale mzerewu umakhala mu local.txt, m'ma version atsopano zonse anaziphatikiza mu prime.txt. Tsekeranitu pulogalamu musanakhudze fayiloyo, apo ayi idzalemba zake pamwamba pa zanu inu n'kumadabwa kuti bwanji sizikusintha. Nthawi yosinthira ikakwana mudzaona mawu akuti "Restarting worker with new memory settings". Musadzidzimuke, si vuto.

Tibwere ku mawu aja akuti ma worker ena akudya memory yambiri. Amenewo si chenjezo la kuonongeka. Nambala imene mwalemba ija ndi ya ma worker onse pamodzi, osati aliyense yake. Worker woyamba kufika pa stage 2 amatenga gawo lalikulu, mnzake akafika amapeza mbale ili mbee, ndiye amalemba mawu amenewo n'kuyamba kufunafuna ntchito ina yosafuna memory yambiri mu worktodo.txt, fayilo ya mndandanda wa ntchito, monga stage 1 ya nambala yotsatira. Akaipeza, zili bwino. Akapanda kuipeza, amakhala manja lende kudikira. Ma worker anayi onse a P-1 pa 8 GB ndi anthu anayi olimbirana mphasa imodzi.

Ine ndikanakhala inu ndikanasiya worker mmodzi yekha, n'kumupatsa ma core onse anayi. Mwina mukuona ngati ntchito ichepa kanayi. Sizitero, ndipo chifukwa chake ndi malire ena a memory amene anthu sawaganizira: liwiro lake. Nambala ya 56 MB ija silowa mu cache, kamemory kothamanga ka mkati mwa purosesa yanu, ndiye pa kuchulukitsa kulikonse imayenera kuchoka mu RAM, kukafika ku purosesa, n'kubwereranso, kambirimbiri pa sekondi. Msewu wake ndi umodzi. Ma worker anayi ndi mathirakitala anayi a masamba a tiyi pa kamlatho kamodzi: woyamba akamaoloka, atatu ali pa mzere. Musangondikhulupirira, pa Options pali Benchmark, yesani throughput ya worker mmodzi, awiri ndi anayi, muone nokha. Mukakonda awiri, lembani mzere wakuti MaxHighMemWorkers=1 kuti azilowa stage 2 mosinthana, wina akamayanika wina azikonola.

Pali kamzere kenanso kamene kangakuthandizeni inuyo makamaka. Mu prime.txt mukalemba LowMemWhileRunning=winword,excel, pulogalamu ikaona kuti Word kapena Excel yatsegulidwa imasiya stage 2 n'kugwira ntchito yopepuka mpaka mutatseka. Timizere totere tonse tinafotokozedwa mu fayilo ya undoc.txt imene imabwera limodzi ndi pulogalamu, koma ndi ochepa amene amaitsegula. Chenjezo langa n'lakuti musaikemo pulogalamu imene mumatsegula n'kutseka kakhumi pa ola. Stage 2 ikaimitsidwa, poyambiranso imayenera kukonzanso manambala onse osunga aja, ndipo zimenezo zimatenga nthawi.

Mfundo yomweyi ikukhudza magetsi. Dzinja likafika, mvula ya mabingu ikamatsika m'phirimo, kuzima kwa magetsi sitichita kufunsa. Prime95 imasunga pamene yafika mphindi 30 zilizonse, ndipo imasiyanso mafayilo ena apadera othera ndi .bu kuti ina ikaonongeka pakhale pogwira. Pa Preferences mukhoza kutsitsa nthawiyo kufika pa mphindi 10 kapena 15. Koma ngati kwanuko magetsi amazima kawiri katatu usiku umodzi ndipo mulibe UPS, P-1 ya memory yambiri idzakutopetsani, chifukwa nthawi yambiri idzathera kuyalanso mphasa. Zikatero sankhani PRP kapena double-check, kuyesanso nambala imene wina anaiyesa kale. Zimenezo zimangopitiriza pamene zinalekera, ndipo 0.3 GB yokhayo sizidandaula nayo, kungoti nambala ikabwera isanachitidwe P-1 pulogalamu imayamba yaichita, ndiye nambala ya usiku ija muisiyebe momwemo.

Mukasamukira ku PRP mudzakumana ndi kabokosi kena kamene anthu amakasokoneza ndi RAM: temporary disk space. Amenewa ndi malo a pa disiki. Kuyambira 2020, PRP imapanga umboni, proof, woti kompyuta ina itsimikize ntchito yanu m'kanthawi kochepa m'malo moibwereza yonse. Kuti umboniwo upangike, pulogalamu imasunga zotsatira zapanjira. Chimodzi, pa p wa 130 miliyoni, ndi 16 MB, ndiko kugawa 130 miliyoni ndi 8. Zikakhala 256 ndi 4 GB ndi kanthu, zikakhala 512 zipitirira 8 GB. Pulogalamu imabwera itaika 6 GB pa worker aliyense. Apanso mukuona ubwino wa worker mmodzi: anayi angafune 24 GB, pa disiki imene mwina yadzaza kale ndi mapepala a mayeso akale ndi zithunzi za ukwati. Umboni uja ukatha umatumizidwa pa intaneti, ndipo ndi ma MB opitirira 100, ndiye bandulo yanu muziiwerengera.

Zina ziwiri mwachangu. Onetsetsani kuti Windows yanu ndi Prime95 yanu zonse ndi za 64-bit. Pulogalamu ya 32-bit pa Windows kawirikawiri sitha kugwira kupitirira 2 GB ngakhale RAM itachuluka bwanji, ndipo mudzangoona mawu a "Memory allocation error" mobwerezabwereza. Chachiwiri, ngati mwana wanu wina wa ku MUST ku Ndata adzakunyengerereni kuika Linux, dziwani kuti kumeneko khalidwe ndi lina. Memory ndi swap (pagefile ya Linux) zikatha, Linux imapha pulogalamu imene ikudya kwambiri, ndipo imeneyo imakhala mprime, dzina la Prime95 pa Linux. M'mawa mumapeza ili zii, osasiya uthenga. Mukalemba dmesg mudzaona mzere wa "Out of memory: Killed process". Mankhwala ake ndi omwewa, kutsitsa nambala.

Tsopano za mantha anu aja, akuti zotsatira zaonongeka. Chimene chimaononga zotsatira si kuchepa kwa RAM koma kudwala kwake, ndipo ziwirizi zimaoneka mosiyana. Chaka china m'nyengo ya chiperoni, mnzanga wina wa ku Bvumbwe anandibweretsera kompyuta imene anagula yogwirapo kale ntchito. Ankati memory ikuchepa, poti ikangofika pa stage 2 imazima yokha kapena kuonetsa sikirini ya buluu, chonsecho anali ataipatsa 3 GB yokha pa 8. Ndinayendetsa Torture Test ya mu Prime95 momwemo. Pa Small FFTs, imene imapanikiza purosesa yokha, inayenda ola lathunthu osadandaula. Nditasintha kuika Blend, imene imagwiritsa ntchito RAM yambiri, sipanathe mphindi khumi: "Rounding was 0.5, expected less than 0.4". Nditatsegula bokosi ndinapeza fumbi litagwirana ndi chinyontho ngati phala, timano ta golide ta RAM tachita dzimbiri lobiriwira kumapeto. Nyumba yake inali yoti chifunga chimalowa pa windo mpaka makoma kuchita thukuta. Tinapukuta timanoto ndi labala ya pensulo, kupemerera m'malo mwake, kubwezera. Inayenda usiku wonse. Stage 2 inalibe mlandu, inkangofika m'zipinda za RAM zimene Word sinkafikamo.

Choncho mukatsitsa nambala ija, yendetsani Blend usiku umodzi, kapena MemTest86, pulogalamu yoyesera RAM, ngati muli nayo pa flash. Ikadutsa, gonani tulo. PRP ili ndi mlonda wake, njira imene Robert Gerbicz anapeza mu 2017: samu ikalakwika, pulogalamu imazindikira n'kubwerera pamene panali bwino. Stage 2 ya P-1 pa RAM yodwala ndiyo yoopsa mwakachetechete, chifukwa ikhoza kudumpha factor imene inalipo n'kunena kuti palibe, wina n'kudzataya masabata kuyesa nambala imene ikanachotsedwa pa tsiku limodzi. Phindu lonse la P-1 ndi limenelo: pa manambala 100 imachotsapo ochepa okha, koma aliyense wochotsedwayo ndi masabata a kompyuta ya munthu wina opulumutsidwa.

Nanga kugula RAM? Mu Task Manager momwemo, pansi pa Memory, pali mzere wa Slots used. Ukaonetsa kuti mwagwiritsa malo amodzi okha, ndiye kuti 8 GB yanuyo ndi kandodo kamodzi, ndipo kugula kachiwiri kofanana nako, mtundu womwewo wa DDR3 kapena DDR4, liwiro lomwelo, ndi ndalama yogwiritsidwa bwino. Simungopeza 16 GB yokha, mupezanso dual channel, kutanthauza kuti kamlatho kaja kasanduka ka misewu iwiri, ndipo PRP ndi stage 1 zomwe zidzathamanga moonekeratu. Pa bolodi la kompyuta (motherboard) la malo anayi werengani buku lake kuti mudziwe malo awiri oyenera, kawirikawiri amakhala a utoto umodzi. Zulani kandodo kanuko mupite nako kwa wogulitsa, ndipo mugwirizane kuti kakalephera Blend mubweza. Koma ngati muli kale ndi tindodo tiwiri ta 4 GB, ine sindingataye ndalama. Ndingaisunge ya mayunitsi, chifukwa kompyuta yodya ma watt 100 usana ndi usiku imamaliza mayunitsi 2.4 pa tsiku, 72 pa mwezi. Ndipo ngati kompyutayo ndi ya sukulu, kambiranani kaye ndi ahedi, malamulo a GIMPS omwe amafuna kuti mwini kompyuta avomereze.

Ndinenepo kamodzi za chiyembekezo, poti ena amakweza memory poganiza kuti akuyandikira kupeza prime. P-1 sipeza prime, ntchito yake ndi kuchotsa amene si a prime. Manambala a Mersenne a prime amene anali odziwika pofika kumapeto kwa 2024 ndi 52 okha. Wa 52, 2^136,279,841 − 1, wa madijiti 41,024,320, anapezedwa mu Okutobala 2024 ndi Luke Durant, amene anagwiritsa ntchito ma GPU (mapurosesa a zithunzi) ambirimbiri obwereka m'maiko osiyanasiyana. Wam'mbuyo mwake, 2^82,589,933 − 1, anapezeka mu Disembala 2018, ndiye onani zaka zimene zinadutsa pakati. Komabe factor imene kompyuta ya ku Chitakale ingapeze imalembedwa pa PrimeNet, seva ya GIMPS, m'dzina lanu, ndipo nambala imeneyo palibenso adzaivutikire.

Madzulo ano chitani izi: worker mmodzi, 2 GB masana, 4 GB usiku, nthawi zanu zenizeni. Stage 2 ikayamba, werengani mzere umene umayamba ndi "Using", umene umanena ma MB amene yatengadi, kenaka muyang'ane Available mu Task Manager ndi kagetsi ka disiki. Available ikakhala pamwamba pa 1 GB ndipo kagetsi kakungophethira mwa apo ndi apo, mawa lake onjezerani 256 MB pa ya usiku, mkuja chimodzimodzi. Tsiku limene mudzadzuke n'kupeza kagetsi kayambanso kuyaka osazima, bwererani sitepe ziwiri m'mbuyo musiye pomwepo. Mukandilemberanso mundiuze nambala imene mwaimapo, B1 ndi B2 amene pulogalamu yasankha, ndi zimene Slots used yaonetsa.